Buleki yakutsogolo ikalira, musaitseke pakamwa

M'madera a Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, njinga yamoto ndiyo imanyamula odwala, ana asukulu ndi zokolola. Kulira kwa buleki yake yakutsogolo n'kosavuta kuthetsa, koma njira zachidule zimene ambiri amatsata kuti ikhale chete ndi zimene zikuika miyoyo pachiswe.

Imani pa siteji ya kabaza pa Nsaru kapena pa Namitete tsiku la msika, simukhalitsa musanalimve phokosoli. Njinga yamoto ikutulukira, kumbuyo kuli mayi ndi thumba la soya, woyendetsa wafinya buleki, ndiye kutsogolo kukumveka tswiii! Ogulitsa tomato satembenuka n'komwe, chifukwa makutu anazolowera kalekale.

Koma woyendetsayo phokosoli limamunyansa. Limamuchititsa manyazi pakati pa anzake, ndipo makasitomala ena amaithawa njinga yolira poganiza kuti yatha. Choncho amafuna njira yachangu. Wina amamasula kebulo kuti buleki isamagwire msanga. Wina amadonthezera oyilo wakuda m'dilamu. Wina amangoleka kugwira buleki ya kumanja n'kumadalira ya kuphazi yokha. Onsewa phokoso amalithetsadi, koma amabwerera pamsewu ndi njinga imene singaime mwana akathamangira mumsewu. Buleki yolira nthawi zambiri imakhala ikadali ndi mphamvu, imangofuna kutsegulidwa ndi kutsukidwa. Buleki imene aikhalitsa chete mwa njira zimenezi ndiye yafa.

Dera loyenda pa matayala awiri

Msewu wa M12 umachoka mumzinda wa Lilongwe kudutsa pa Chitedze, Mpingu, Msundwe ndi Namitete mpaka ku Mchinji ndi kumalire a dziko la Zambia. Koma anthu ambiri a kuno sakhala m'mbali mwa tara. Ali m'midzi ya mafumu monga Kalolo, M'bwatalika ndi Kabudula, kumene misewu ndi yafumbi, yodutsa m'madambo, ndipo minibasi imaoneka mwa apo ndi apo. Kale kabaza anali wa njinga yakapalasa. Lero m'masiteji mwadzaza Lifo, Sanlg, King Lion, Boxer ndi TVS.

Mayi woyembekezera matenda akamuyamba usiku, njinga yamoto ndiyo imamufikitsa ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chimene masisitere ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, kapena ku chipatala cha Kabudula, kapena cha Nambuma. Nyengo yokolola njinga yomweyo imasenza mtedza, soya ndi chimanga kupita kwa mavenda. Nyengo yobzala imasenza feteleza. Ndi ntchito yolemetsa, ndipo mabuleki ake amagwira ntchito mowirikiza kuposa a njinga ya munthu wongopitira ku ofesi.

Madokotala a ku Kamuzu Central Hospital ndi a ku chipatala cha mafupa cha LION akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu pa ngozi za njinga zamoto. Pa dziko lonse, lipoti la 2023 la bungwe loona za umoyo la WHO linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse. Tikamakamba za kabaza timatchula zipewa, malaisensi, kulembetsa njinga ndi mowa, ndipo zonsezi n'zofunikadi. Koma za mmene njingayo imaimira timazitchula mwa kamodzikamodzi, chonsecho ngozi zambiri zimapeweka kapena kuchitika m'mamita ochepa omaliza.

Chimalira n'chiyani?

Njinga zambiri za kabaza zili ndi buleki ya dilamu kutsogolo. M'kati mwa habu ya wilo muli mashuzu awiri opindika, omatidwa chikhungwa cholimba chimene chimakhula chitsulo. Mukafinya handulo ya kumanja, kebulo imakoka kamkono ka panja, kamkonoko kamatembenuza kachitsulo ka m'kati, ndipo mashuzu amakankhidwira kukhoma la dilamu. Njinga zina zili ndi disiki, mbale yachitsulo yoonekera panja, imene mapadi awiri amaipana uku ndi uku mokankhidwa ndi fuluwidi. Buleki ya dilamu ndi yakale, Louis Renault wa ku France anaiika pa galimoto mu 1902. Ya disiki inafala pa njinga zamoto kuyambira 1969, pamene kampani ya Honda inatulutsa njinga ya CB750.

Mitundu iwiriyi imaimitsa njinga pokhulanitsa zinthu ziwiri, liwiro n'kusanduka kutentha. Kulira kumabwera pamene shuzu kapena padi yaleka kukhula mofanana n'kuyamba kugwira ndi kutaya, kugwira ndi kutaya, koposa ka 1,000 pa sekondi imodzi. Ndi zomwe zija zimachitika choko chikamalira pa bolodi m'kalasi. Kunjenjemera kumeneku kumalowa m'dilamu, m'masipoko ndi m'mashoka, ndipo zitsulozi zimakukuza mpaka kumveka kutsidya kwa msika.

Zimene zimayambitsa kunjenjemeraku kuno kwathu n'zodziwika. Choyamba ndi fumbi. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, misewu ya ku Kabudula ndi Nambuma imakhala fumbi lokhalokha, ndipo dilamu silitsekeka kotheratu. Fumbi la katondo limalowa, limasakanikirana ndi fumbi la mashuzu enieniwo, n'kusowa potulukira. Chachiwiri ndi madzi. M'dzinja njinga imawoloka madambo, imatsukidwa kumtsinje, imagona panja, ndipo m'dilamu mumachita dzimbiri. Chachitatu ndi kutentha kobwera ndi katundu. Njinga zamtunduwu zimalemera makilogalamu pafupifupi 120. Onjezanipo woyendetsa, wokwera ndi matumba awiri a makilogalamu 50, kulemera kumene buleki iyenera kuimitsa kwatsala pang'ono kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi woyendetsa ali yekha. Mashuzu akapsa mobwerezabwereza, pamwamba pake pamauma n'kuyamba kunyezimira, ndipo shuzu yonyezimira imalira kwambiri koma kugwira pang'ono.

Khutu la makaniko

Makaniko wodziwa ntchito amayamba wamvetsera asanagwire sipanala, chifukwa vuto lililonse lili ndi kaliridwe kake.

Buleki ikalira m'mawa okha n'kuleka mutaigwira kangapo, chimenecho ndi chinyezi ndi kadzimbiri ka usiku, ndipo palibe chodetsa nkhawa. Ikamalira tswiii tsiku lonse, makamaka poima pang'onopang'ono, koma ikugwira bwino, ganizirani za fumbi kapena mashuzu onyezimira. Ikamalira kwinaku ikugwira mofooka, kapena nthawi zina kugwira modzidzimutsa, yang'anani oyilo. Mashoka akutsogolo akamadontha, oyilo amatsetsereka mpaka pa disiki kapena m'dilamu. Girizi wa giya ya sipidomita ndi wa mabering'i nayenso amatha kufika pa mashuzu ngati anathiridwa wambiri.

Pali kaliridwe kena kamene sikadikira mawa. Mukamva kukhukhuluza kwa chitsulo pa chitsulo, gwerere, ndiye kuti chikhungwa chatha ndipo chotsala chikudya dilamu kapena disiki. Pamenepo tsiku lililonse likukweza mtengo wokonzetsera, chifukwa amene akanangogula mashuzu adzagula habu yonse. Wilo likamalira musanagwire n'komwe buleki, ndipo habu ikutentha mutayenda kamtunda kochepa, buleki ikukakamira: mwina sipuling'i yafooka, kachitsulo kotembenuza mashuzu kachita dzimbiri, kebulo yathetheka m'kati, kapena pisitoni ya buleki ya disiki yakana kubwerera. Handulo ikamagundagunda m'dzanja poima, dilamu laleka kukhala lozungulira bwino kapena disiki yapindika.

Kukonza ya dilamu

Ntchitoyi siifuna galaja yaikulu. Imatheka pansi pa mtengo wa mango ndi masipanala ochepa, sandipepa, nsalu yoyera, sipiriti ndi girizi pang'ono.

Imikani njinga pa sitandi yapakati, muikire chipika pansi pa injini kuti wilo lakutsogolo lilendewere. Masulani kebulo ya buleki ndi ya sipidomita, chotsani nati ya ekiselo, solorani ekiselo, ndipo muone bwino mmene mawashala ndi timapaipi tapambali tinakhalira kuti mudzatibwezere momwemo. Mukasolola mbale yonyamula mashuzu, mupeza fumbi lakuda lambiri.

Apa pafunika kusamala ndi mapapo anu. Musauzire fumbilo ndi pakamwa kapena ndi pampu. Kwa zaka zambiri mabuleki ankapangidwa ndi asbestos, imene WHO imati mitundu yake yonse imayambitsa khansa. Mayiko oposa 50 anailetsa, koma kwina ikugwiritsidwabe ntchito, ndipo kabokosi ka mashuzu otchipa sikanena zimene zili m'kati. Pukutani ndi nsalu yonyowa, n'kuitaya nsaluyo kumene ana sangaitole.

Kenako yang'anani mashuzu. Mabuku a njinga zambiri zamtunduwu amati chikhungwa chikatsala mamilimita awiri chisinthidwe, ndipo njinga zina zili ndi kamuvi pa kamkono ka panja kosonyeza kuti mashuzu atha. Ngati chikhungwa chang'aluka kapena chayamba kumatuka, musachibwezere. Chikamatukiratu njinga ikuyenda, chimatha kutsekereza wilo lakutsogolo mwadzidzidzi, woyendetsa ndi wokwera n'kuponyedwa pansi. Ngati chanyowa ndi oyilo, chitayeni. Ena amachiwotcha pamoto kapena kuchiviika m'petulo, koma oyilo amakhala atalowa m'kati ndipo amatulukanso buleki ikatentha, pamene motowo umafooketsa guluu amene anamatira chikhungwacho. Sinthani mashuzu onse awiri nthawi imodzi pamodzi ndi masipuling'i ake, ndipo mutseke kumene oyilo akuchokera, apo ayi atsopanowo aonongekanso.

Ngati mashuzu akadali okhuthala ndi ouma koma akunyezimira, akwecheni ndi sandipepa, mutawanyowetsa pang'ono kuti fumbi lisauluke, mpaka kunyezimira kuthe. Palani pang'ono nsonga zonse ziwiri za chikhungwa kuti zikhale zopendekera, chifukwa nsonga yakuthwa ndiyo imakonda kuyambitsa kunjenjemera. Kwechaninso m'kati mwa dilamu kuchotsa dzimbiri, n'kupukuta ndi sipiriti. Palafini ndi dizilo ayi, zimasiya mafuta. Solorani kachitsulo kotembenuza mashuzu, kayeretseni, kapakeni girizi wochepa kwambiri, wongonyowetsa. Girizi asakhudze chikhungwa kapena khoma la dilamu ngakhale ndi chala chodetsedwa.

Pobwezera wilo pali kachinsinsi kamene ambiri amakadumpha. Musanamangitse nati ya ekiselo, zunguzani wilo, finyani buleki mwamphamvu, ndipo mumange natiyo mutafinyabe. Kutero kumakhazika mashuzu pakati penipeni pa dilamu kuti onse awiri agwire mofanana. Pomaliza konzani kebulo kuti nsonga ya handulo iyende mamilimita 10 mpaka 20 buleki isanayambe kugwira, ndipo wilo lizizungulira momasuka mukaitaya.

Kukonza ya disiki

Pa buleki ya disiki, masulani mabawuti awiri ogwira caliper, chitsulo chimene chimapana disiki, ndipo musachisiye chikulendewera pa paipi ya fuluwidi. Solorani mapadi. Ambiri ali ndi kamzere kozama pakati, ndipo kamzereko kakafufutika padiyo yatha. Ngati padi imodzi yadyeka kwambiri kuposa inzake, ndiye kuti timapini timene caliper imatsetserekapo tauma. Tiyeretseni n'kutipaka girizi woyenera mabuleki, amene saononga labala. Tsukani pisitoni ndi kaburashi ndi madzi a sopo musanaikankhire m'kati, kuti isalowetse mchenga. Kwechani mapadi pa sandipepa woyalidwa pamalo osalala, pukutani disiki ndi sipiriti mbali zonse ziwiri, ndipo musaiwale kubwezera timalata topyapyala ta kuseri kwa mapadi. Timaoneka ngati topanda ntchito, koma ndi timene timaletsa kunjenjemera. Pa disiki penipeni pamalembedwa kukhuthala kochepetsetsa kololedwa, ndipo ikapyapyala kuposa pamenepo isinthidwe.

Fuluwidi akhale wa mtundu wolembedwa pa chivundikiro, nthawi zambiri DOT 3 kapena DOT 4, wochokera m'botolo lotseka bwino. Fuluwidi amayamwa chinyezi cha mumpweya. Wa DOT 4 akakhala watsopano amawira pa madigiri osachepera 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 155, ndipo akawira handulo imangofika pa chogwirira buleki osagwira. N'chifukwa chake opanga njinga amati azisinthidwa pa zaka ziwiri zilizonse. Oyilo wa injini asalowemo, amatupitsa malabala onse a m'kati. Mukamaliza kumanga, finyani handulo kangapo mpaka ilimbe musanaikwere njingayo.

Kaya ndi dilamu kaya disiki, mashuzu ndi mapadi atsopano amafuna kuzolowerana ndi chitsulo. Pezani msewu wopanda anthu, yendani pang'onopang'ono, muchepetse liwiro ndi buleki kakhumi kapena kupitirirapo, mukusiya mpata woti izizire. Kuwayamba ndi katundu wolemera pa liwiro lalikulu ndiko kumawapsereza tsiku loyamba lomwelo.

Mantha a buleki ya kumanja

M'masiteji ambiri muli chikhulupiriro chakuti buleki yakutsogolo imagwetsa, ndipo wophunzira amauzidwa kuti asaigwire. Manthawa ali ndi poyambira. Pa mchenga, pa matope kapena pokhota, mukaifinya mwadzidzidzi tayala lakutsogolo limaterereka ndipo mumagwa nthawi yomweyo. Amene anagwapo chonchi saiwala.

Komabe njinga ikamaima, kulemera kwake konse kumathamangira kutsogolo. Tayala lakutsogolo limakanikizidwa pansi n'kugwira kwambiri, pamene lakumbuyo limapepuka n'kuyamba kukhwekhwereza. Aphunzitsi a kayendetsedwe ka njinga zamoto amati pa tara pouma buleki yakutsogolo imapereka pafupifupi magawo 70 mwa magawo 100 a mphamvu yoimitsira. Wokwera ndi katundu akakhala kumbuyo, buleki ya kuphazi imathandiza mokulirapo, komabe siingalowe m'malo mwa inzake. Mu 1981, katswiri wina wa ku America, Harry Hurt, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ngozi 900 za njinga zamoto mumzinda wa Los Angeles. Anapeza kuti ngozi ikayandikira, oyendetsa ambiri ankaponda kwambiri buleki yakumbuyo mpaka kuterereka, n'kugwira mosakwanira yakutsogolo. Zimene anaona kumeneko ndi zimene zikuchitika pa M12 lero.

Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pa Msundwe kapena pa Mpingu, pamene msika umasefukira mumsewu, ngolo, mbuzi ndi njinga za makala zili pomwepo, mamita asanu okha amasiyanitsa wofika kunyumba ndi wogonekedwa m'chipatala. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Mayiko ena vutoli analichepetsa ndi makina. M'mayiko ambiri a ku Ulaya, kuyambira 2016, njinga zatsopano za injini yoposa 125cc zimayenera kukhala ndi ABS, imene imaletsa tayala kutsekeka. Ku India, kumene Boxer ndi TVS zimachokera, lamulo longa lomweli linakhudza njinga zonse zatsopano kuyambira mu Epulo 2019, koma zing'onozing'ono zinalamulidwa kukhala ndi mabuleki ogwirira limodzi kutsogolo ndi kumbuyo. Njinga zambiri zofika m'masiteji athu zilibe zimenezi, choncho ntchito yonse yatsalira dzanja la woyendetsa. Dzanjalo liphunzire kufinya pang'ono poyamba kuti kulemera kupite kutsogolo, kenako n'kumawonjezera, phazi likuthandiza kumbuyo, njinga ili chilili. Pa mchenga ndi pa matope lifinye mofatsa kwambiri, liwiro litachepetsedwa kale. Luso limeneli limaphunzirika pa bwalo la mpira masana amodzi, koma siliphunzirika pa njinga imene kebulo yake anaimasula.

Udindo uli kwa yani?

N'kosavuta kuloza chala mnyamata woyendetsa. Koma ambiri mwa anyamatawa njinga si zawo. Madzulo aliwonse amayenera kupereka tageti kwa bwana, petulo agule okha, ndipo ola lokhala kwa makaniko ndi ola lopanda ndalama. Munthu wotereyu akapeza njira ya mphindi ziwiri yoletsa phokoso, aitenga. Eni njinga ndiwo ayenera kuyamba kusintha. Mashuzu ndi chimodzi mwa masipeya otchipa kwambiri pa njinga, otsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi tayala, ndipo kuwagula ndi udindo wa mwini katundu.

Ogulitsa masipeya nawonso ali ndi mbali yawo. M'mashopu muli mashuzu a mitengo yosiyanasiyana, ena olimba kwambiri moti amalira kuyambira tsiku loyamba, ena omatuka msanga. Wogula sangasiyanitse ndi maso. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo linapatsidwa ntchito yoona za ubwino wa katundu wolowa m'dziko muno, ndipo zida za mabuleki ziyenera kukhala pamwamba pa mndandanda wake.

Amakaniko ambiri a m'matauni ang'onoang'onowa anaphunzira poonera, ndipo ena ndi aluso kwabasi. Koma zinthu monga kuopsa kwa fumbi la mabuleki kapena kusiyana kwa mitundu ya fuluwidi sizioneka ndi maso, zimafuna wokuuza. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi Namitete Technical College, imene ili m'dera lomwe lino, angathe kukonza maphunziro afupiafupi ofikira amakaniko ndi akabaza kumisika kwawo komweko. Nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS ndi apolisi apamsewu, poimitsa njinga kufunsa mapepala ndi chipewa, angathenso kufinya handulo ya kumanja. Ndi ntchito ya sekondi imodzi.

Koma mphamvu yapafupi kwambiri ili pa siteji pomwepo. Masiteji ali ndi atcheyamani ndi malamulo awo, amatolera ndalama za maliro ndi za matenda, amadziwa njinga iliyonse ndi mwini wake. Bungwe la akabaza la MACOKASA lili ndi mawu amene mamembala ake amawamva. Siteji imene imatha kulanga wolanda kasitomala wa mnzake ingathenso kugwirizana kuti kamodzi pa sabata njinga iliyonse iyesedwe: munthu aikankhe, afinye buleki ya kumanja, wilo liime nji. Yokanika isanyamule munthu mpaka itakonzedwa.

Wokwera nayenso ali ndi ufulu wofunsa. Palibe chipongwe kunena kuti, achimwene, tafinyani kaye ya kumanjayo ndione. Woyendetsa wosamala sakwiya ndi funso lotere, ndipo makasitomala akamafunsa kawirikawiri, njinga zokhala ndi mabuleki abwino ndizo zizipeza ndalama. Nyengo yabwino yotsegula wilo lakutsogolo ndi kumapeto kwa chilimwe, fumbi la miyezi yonse litadzaza m'dilamu, mvula isanalisandutse matope, ndiponso mvula ikangosiya, zokolola zisanayambe kusenzedwa. Bwana amene angamasule mnyamata wake ku tageti ya theka la tsiku pa nyengo ziwirizi, n'kumupatsa ndalama ya mashuzu abwino, wateteza njinga yake, wantchito wake ndi anthu onse amene adzakwere kumbuyo.